Funsani Amalume: Maoda ndi ambiri, koma ndalama sizikuoneka

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwa anzanga a ntchito yolemba zikwangwani ndi kukonza makadi kuno ku Lusaka. Ndasankhapo anayi, ndipo mayina ndachotsa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Amalume, ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Chilenje. Ndimalemba pamanja mabolodi olandirira alendo pa ukwati, pa kitchen party ndi pa chilanga mulilo. Ndimakonzanso makadi oitanira anthu pafoni ndi pulogalamu ya Canva. Loweruka lililonse ndimakhala ndi oda, nthawi zina awiri, koma mwezi ukatha m'foni mulibe kanthu. Bolodi limodzi ndimalipiritsa K350. Anzanga akuti vuto ndi loti ndilibe makina. Ndiye ndikufuna kukongola ndalama ndigule makina odulira vinyl (pulasitiki yomata yopangira zilembo) ndi heat press (makina otentha odindira pa nsalu) kuti ndiyambenso matisheti. Ndikongole kapena ndidikire?

YANKHO: Dikira, mwana wanga. Makinawo sathawa, adzakhala alipo m'masitolo chaka chamawa.

Nditawerenga kalata yako ndinakufunsa pa WhatsApp kuti undiwerengere zonse zimene umagula pa bolodi limodzi, ndipo ndalemba pano monga unandiuzira kuti anzako aone. Bolodi lodula kale K130. Penti ndi zolembera, ukagawa pa ntchito imodzi, K40. Basi yopita kutauni ndi kubwera K30. Takisi ya Yango yokaperekera bolodi ku holo, poti sungalikweze m'minibasi lingakandike, K70. Zonse pamodzi K270. Pa K350 patsala K80. Unati ntchitoyo imakutengera maola 6, kuyambira kupaka penti woyamba mpaka kumata maluwa. Ndiye kuti dzanja lako ukuligulitsa K13 pa ola, tisanachotsepo mabando a intaneti amene umathera poyankha mkwatibwi usiku pakati, amene lero akufuna golide, mawa akufuna siliva, mkuja akuti alangizi anena kuti dzina la mwamuna liyambe.

Munthu amene akutsala ndi K80 pa bolodi sangabweze ngongole ya makina. Adzabweza ndi ndalama ya lendi.

Yamba wakonza mtengo. Tenga kope, osati foni, ulembe zinthu zonse zolowa pa ntchito imodzi, uwonjezepo pang'ono chifukwa bolodi lina limawonongeka, penti amauma m'chitini, cholembera chimatha pakati pa dzina. Kenako udzifunse kuti tsiku lako lathunthu la ntchito ukufuna likupatse zingati, ugawe ndi maola. Ndalama imeneyo ndi malipiro ako. Si phindu ayi. Phindu limabwera pamwamba pake, ndipo ndi limene lidzagule makina tsiku lina. Thiransipoti yokapereka usaibise mumtengo. Ikhale payokha, kasitomala aione. Wa ku Libala ndi wa ku Chalala asalipire mofanana.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukanena K600 anthu athawa. Ena athawadi, ndipo asiye athawe. Amene amakupatsa K350 n'kukusiya ndi K80 ndiye amakutsekera Loweruka limene ukanagwirira munthu wolipira bwino. Mabolodi awiri pamwezi pa mtengo woyenera amaposa asanu a panopa, ndipo msana umapuma. Konza mitengo itatu, uilembe pa chithunzi chimodzi: bolodi wamba la mayina ndi tsiku, lina lokhala ndi maluwa ojambula, lina lalikulu lokhala ndi choimikira. Munthu akafunsa kuti "last price ni zingati?" usatsitse mtengo wa lalikulu. Muonetse laling'ono. Akufuna kulipira zochepa, alandire ntchito yochepa.

Za dipoziti ndiye sindinyengerera munthu. Theka lilowe pa Airtel Money kapena MoMo usanagule ngakhale msomali, lotsala lilowe bolodi lisanatuluke pakhomo. Ntchito yathu ndi yosiyana ndi ya wogulitsa nsapato. Nsapato ikakanidwa imabwerera pa shelefu. Bolodi lolembedwa mayina a anthu awiri ndi tsiku la ukwati wawo, ukwatiwo ukadutsa, ungamugulitse ndani? Ndipo ukwati ukatha, mawu oti "nizakutumila mailo" amakhala nyimbo. Komiti yabalalika, ndalama zathera pa holo ndi chakudya, akwati ali ku Siavonga, foni sakuyankha. Uwuziretunso kasitomala kuti kusintha kapangidwe ndi kawiri kwaulere, kachitatu n'kolipira. Udzadabwa mmene anthu amadziwira msanga chimene akufuna akamva kuti kusinthasintha kuli ndi mtengo.

Tsopano makinawo. Anzako akuwerenga mtengo wa makina okha. Makina ambiri odulira vinyl sagwira ntchito popanda kompyuta ndi pulogalamu yake, ndipo mashopu ambiri a kutauni amagwiritsa ntchito CorelDRAW, imene iwe sunaiphunzire. Pamafunika mipukutu ya vinyl ya mitundu ingapo, mipeni yake imabuntha, ndipo mamita oyamba udzawononga pophunzira. Heat press wamba amadya magetsi pafupifupi mawati 1,500 kapena kuposa, choncho kainiveta kochajira foni ndi kuyatsira babu sikangamunyamule. Sunaiwale za 2024. Mvula itakana, madzi atatsika ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, ndipo pofika Seputembala magetsi ankazima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Anzathu a makina ankagona m'mashopu kudikira kuti magetsi akabwera pakati pa usiku adindeko matisheti angapo. Ife a bulashi tinkagwira ntchito masana pakhonde. Wokongoza ndalama sankafunsa ngati magetsi analipo.

Palinso ichi. Ukagula makinawo ulowa pamzere umodzi ndi mashopu a ku Kamwala, mumsewu wa Chachacha ndi wa Freedom Way, amene amagula zipangizo zambiri nthawi imodzi ndipo angathe kudinda tisheti pa mtengo umene iwe sungaufike. Kumeneko udzakhala womaliza pamzere. Koma pa zimene umachitazi, kulemba dzina la munthu ndi dzanja mopendeketsa bwino, mchira wa y n'kukazungulira pansi pa dzina lonse, ambiri a makinawo sangathe. Ndaona zithunzi zimene unanditumizira. Dzanja uli nalo. (Zilembo zako zazikulu zikutalika kwambiri poyerekeza ndi zazing'ono, koma zimenezo tidzakambirana tsiku lina.)

Matisheti uthabe kuwayamba opanda makina. Tenga oda, konza kapangidwe, pita ukadinditse kwa amene ali ndi makina, uikepo phindu lako. Pochita zimenezi udzaphunzira zambiri pa makina a eni: kuti sublimation, njira yodinda yolowetsa inki mu nsalu ndi kutentha, imagwira pa nsalu ya polyester yoyera kapena yowala koma pa thonje ndi pa tisheti yakuda ayi, kuti mtundu umene ukuwala pafoni umatuluka wozimirira ukasindikizidwa, kuti fayilo yotumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba imafika itafinyidwa, choncho uzitumiza ngati document, makamaka PDF. Malisiti onse a kosindikiza uzisunga. Ukadzaona kuti kwa miyezi 6 yotsatizana ndalama imene ukusiya kwa eni makina ikuposa imene ungamabweze pa ngongole, pamenepo makina adziitana okha.

Ndipo nthawiyo ikafika, kaloba, ngongole ya katapila ija, usamuyandikire. Chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana ndi anzako odalirika, chingakugulire makina odulira popanda chiwongoladzanja. Kulinso CDF, ndalama ya chitukuko cha m'madera a aphungu, imene boma linaikweza mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, ndipo mbali ina ndi ya thandizo ndi ngongole za achinyamata ndi amayi. Chilenje ili m'dera la Kabwata. Kafunse ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu za mafomu ndi nthawi yake. Kumeneko adzafuna mapepala a bizinesi, ndipo kope lako lija lidzakulankhulira.

Chimene ndingakonde uganizire kuposa makina ndi ichi: ukwati munthu sachita mwezi ndi mwezi. Kasitomala wa ukwati umamusaka, n'kumugwirira kamodzi, n'kuyambanso kusaka wina. Funa anthu amene amafuna zolemba kawirikawiri. Okongoletsa maholo ali ndi mwambo Loweruka lililonse. Ukagwirizana ndi awiri okha, uwapatse mtengo wawo, maoda azikupeza uli pakhomo. Malo odyera ndi omwera khofi a ku Kabulonga, Woodlands ndi Rhodes Park amakonda mabolodi a choko olembapo zakudya, ndipo mitengo ikasintha amafuna wolembanso. Bolodi lenilenilo utha kumalibwereketsa: lemba pa galasi kapena pa acrylic ndi cholembera chofutika, ukwati ukatha ulitenge, ulipukute, ligwirenso ntchito Loweruka linalo. Pamenepo K130 ya bolodi ija sumaitulutsanso sabata iliyonse. Chikole cha galasilo ulandiriretu, chifukwa ana a pa ukwati samayenda, amathamanga.

FUNSO: Amalume, ndine bambo wa ku Kanyama, ndakhala ndikulemba pa makoma a tuntemba (timashopu ting'onoting'ono), mababashopu ndi mabutchala. Sukulu ina ya pulayiveti inandipatsa ntchito yolemba dzina ndi mawu ake pa mpanda watsopano. Nditamaliza, mwini sukulu akuti ndalakwitsa chilembo chimodzi pa dzina, pomwe ndinalemba monga anandiuzira pafoni. Mvula itagwa penti wayambanso kusupuka. Anandipatsa theka, lotsala akukana. Ndichite bwanji?

YANKHO: Achimwene, nkhani zanu ndi ziwiri, ndipo pa imodzi muli ndi mlandu pang'ono.

Ya chilembo ija, mawu a pafoni alibe mboni. Kuyambira lero, musanatsegule chitini, lembani mawu onse papepala monga adzaonekere pakhoma, mwiniwake awerenge chilembo chimodzichimodzi, asayine, inu mujambule pepalalo ndi foni. Ngati ali kutali, alembe yekha pa meseji, inu mukopere kuchokera pamenepo. Nambala ya foni muiimbe ali pomwepo, foni yake ilire m'thumba. Mayina athu omwewa amalembedwa mosiyana m'mabanja: wina Mwale wina Mwaale, wina Nkhoma wina Nkoma. Mawu a Chinyanja nawo, mabuku a sukulu a kuno ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndiye wina amafuna "cakudya" wina "chakudya". Mufunseni, musamusankhire.

Ya penti ndiyo yanu. Mwanena nokha kuti mpandawo ndi watsopano. Pulasitala watsopano amakhala ndi chinyezi komanso mchere wa simenti umene umadya penti wa mafuta. Amafunika kuuma pafupifupi milungu inayi, kenako mupake plaster primer (penti woyamba wogwiritsa penti winayo pakhoma), ndiye penti wa pansi, zilembo pamapeto. Mukathira gloss pa simenti yaiwisi amatupa matuza n'kusupuka ngati khungu la mbatata yophika. Mpanda umavutanso chifukwa madzi amalowera pamwamba pake ndi pansi, makamaka kwanu ku Kanyama kumene madzi amaima nthawi ya dzinja. Zilembo muzizikweza, zisayandikire nthaka. Pa malata osapaka nkhani ndi yomweyo: akhale otsukidwa mafuta a kufakitale, apakidwe primer wa malata, apo ayi penti adzachoka ndi chikhadabo.

Ndikudziwa mmene zimakhalira. Mwini sukulu amafuna chikwangwani chionekere sukulu zisanatsegulidwe mu Januwale, amakukakamizani, inunso ndalama mukuifuna. Zikatero muuzeni poyera kuti khomali silinaume, ndipo akaumirira alembe pa pepala lomwe lija kuti wasankha yekha.

Pa zomwe zachitikazi, ine ndikanapita kukaonana naye maso ndi maso, osati pafoni, ndi mawu awa: chilembo ndikonza, posupuka ndipala ndi kupakanso mvula ikatha mu Epulo, primer mugule ndinu, ndalama yotsala mundipatse theka lero, theka tsiku lomaliza. Zilembedwe. Sukulu ndi kasitomala wosafunika kutaya, chifukwa ikamaliza mpanda imafuna zilembo ndi manambala m'makalasi a ana, mapu a Zambia pakhoma, mayina pa zitseko, chikwangwani cha pamsewu. Akakana zonsezo, ku Lusaka kuli Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Koma kumbukirani kuti naye adzabwera ndi zithunzi za penti wosupukayo.

Poti mwatumiza chithunzi cha mpandawo, ndinenepo chimodzi chimene simunafunse. Mwayeza mipata ya pakati pa zilembo ndi tepi, yonse yofanana. N'chifukwa chake pa ACADEMY, A ndi C zikuoneka zotalikirana pomwe E ndi M zapanikizana. Tepi ndi chingwe cha choko n'zoyezera mzere wa pamwamba ndi wa pansi. Mipata imayezedwa ndi diso. Zilembo zowongoka ngati E, M, H ndi I zimafuna mpata wokulirapo, zozungulira ngati O ndi C ziyandikire, A, V, Y ndi L zilowererane ndi zinzake. Mukalemba ndi choko, wolokani msewu, mukaime pamene pamadutsa minibasi, mutsinzine pang'ono. Pamene pakuoneka bowo loyera kapena mulu wakuda, pamenepo ndi pokonza, penti asanakhudze khoma. Ndipo mawu a sukulu aja mwawalemba ang'ono kwambiri. Ife timawerengera kuti masentimita awiri ndi theka a kutalika kwa chilembo amawerengeka bwino pa mamita atatu. Munthu ali pa mamita 30 amafuna chilembo cha masentimita 25.

FUNSO: Amalume, ine ndimakonza ma logo ndi mapositala pa laputopu kunyumba ku Mtendere. Kampani ina inakonda ntchito yanga koma inafuna koteshoni yokhala ndi TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ndi akaunti ya bizinesi, ndiye ntchito inandiphonya. Kodi kulembetsa n'koyenera kwa munthu wogwirira ntchito pa tebulo la pabalaza? Ndikuopa msonkho.

YANKHO: Lembetsani, mayi. Ntchito imene yakuphonyaniyo ndiyo yankho. Makampani, mabungwe, masukulu akuluakulu ndi maofesi a boma sangalipire pa nambala ya foni ya munthu, chifukwa wowerengera ndalama wawo amafuna mapepala.

Simukufunika kampani ya limited. Ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, mungalembetse dzina la bizinesi lokha, ndipo zimatheka pa intaneti. Konzani mayina atatu, chifukwa loyamba limapezeka kuti wina analitenga kale. TPIN imachokera ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo salipiritsa. Ndi mapepala amenewa banki idzakutsegulirani akaunti. Mukadzatsegula shopu, khonsolo ya mzinda nayo ili ndi chiphaso chake.

Msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono, umene amautcha turnover tax, amauwerengera pa ndalama zonse zolowa, osati pa phindu. Apa mpamene pamagwera anthu a ntchito yathu. Mukalandira K10,000 ya mabana (ma banner), K7,000 n'kupita kwa osindikiza, msonkho umawerengedwa pa K10,000 yonseyo. Choncho uzikhala mumtengo kuyambira pa koteshoni. Chinanso, mukalembetsa muzipereka malipoti pa nthawi yake ngakhale mwezi umene simunagwire ntchito, ndi a ku PACRA a pachaka omwe. Zilango zambiri zimabwera chifukwa chongokhala chete.

Makampani amalipira mochedwa, ena pakatha masiku 30. Musayambe ntchito yaikulu ndi mawu a pakamwa a munthu wa mu ofesi. Funani purchase order, chikalata cha kampani chotsimikizira oda. Ndipo lembani pa koteshoni chimene akugula: logo yomalizidwa m'mafayilo akutiakuti. Zojambula zimene anazikana ndi zanu. Mafonti otsitsa pa intaneti ambiri ndi aulere pa ntchito ya pawekha basi, osati ya malonda. A pa Google Fonts ndi ololedwa pa zonse ziwiri. Muuzenso kasitomala kuti kulembetsa dzina la bizinesi sikuteteza logo yake. Chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa pachokha, ku PACRA komweko.

Mapepala akatuluka, yang'anani kalendala. Tsiku la amayi pa 8 Malichi, la achinyamata pa 12 Malichi, la apantchito pa 1 Meyi, chionetsero cha ku Showgrounds chakumayambiriro kwa Ogasiti, tsiku la aphunzitsi pa 5 Okutobala ndi la ufulu pa 24 Okutobala: onsewa amafuna matisheti, mabana ndi zitenje zolembedwa. Ife a kum'mawa tilinso ndi Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo magulu ochokera ku Lusaka amapita atavala zofanana. Kagogodeni m'maofesi kutatsala miyezi iwiri. Kutatsala sabata imodzi ntchito imakhala itaperekedwa kale.

FUNSO: Amalume, kutchalitchi kwathu ndi kwa achibale, chilichonse chofuna kulemba amati "tili naye mwana wathu." Mabana, mapulogalamu a maliro, makadi, zonse zaulere. Ndikatchula ndalama amati ndayamba kunyada. Ndine mnyamata wa ku Garden.

YANKHO: Mphwanga, pa maliro a m'banja usatchule ndalama. Mtanda wopita kumanda a ku Chingwere kapena ku Leopards Hill ulembe bwino, ndi penti wabwino, uonetsetse tsiku lobadwa ndi lomwalira kwa akuluakulu awiri, osati mmodzi. Chimenecho ndiye chipepeso chako, ndipo amene akulemba za chipepeso adziwe kuti wapereka.

Zina zonsezo, siyanitsa dzanja ndi zipangizo. Dzanja ungapereke, zipangizo agule okha, ndipo usawagulire kuti adzakubwezera. Apatse mndandanda, apite ku Kamwala akaone okha mtengo wa nsalu ndi penti. Ambiri amakhulupirira kuti zinthuzi umangozitola. Kutchalitchi sankha wekha ntchito imodzi kapena ziwiri pachaka, monga bana ya Pasaka kapena ya msonkhano waukulu, ukauze abusa kapena atcheya kumayambiriro kwa chaka kuti izi ndiye chopereka changa. Pa ntchito yaulereyo uperekebe invoisi yolembapo mtengo wake weniweni, pansi pake ulembe kuti yaperekedwa mwaulere. Mlembi akaisunga m'fayilo, komiti ikadzafuna bana ina mu Juni idzakhala ikudziwa kale kuti ndi ya ndalama zingati.

Msuweni amene akutsegula saluni kapena kabala ka mowa si wamaliro ayi, akuyamba bizinesi. Mutsitsireko pang'ono ngati mtima wako wafuna, koma dipoziti alipire, ndipo pakona ya chikwangwanicho ulembepo dzina lako ndi nambala yako ya foni.